Kupeza ganizo lobisika m'mafunso a mayeso a LSAT

Mayeso a LSAT amalembedwa ndi anthu ofuna kuphunzira zamalamulo m'mayunivesite ambiri a ku United States ndi Canada. Anayamba mu 1948 ndipo amayendetsedwa ndi bungwe la Law School Admission Council. Kuyambira mu Ogasiti 2024, awiri mwa magawo atatu opatsidwa malikisi amayesa luso losanthula mfundo. Gawo lililonse limatenga mphindi 35, ndipo funso lililonse limakhala ndi mayankho asanu oti munthu asankhepo limodzi.

Mwa mafunsowa muli mtundu wina umene umafuna kuti wolemba apeze ganizo lomwe silinatchulidwe, koma lomwe mfundo yonse yatsamirapo.

Ndime ya funso imakhala ndi umboni komanso chigamulo, ndiko kuti zimene mwini ndimeyo akufuna kuti tivomereze. Pakati pa ziwirizi pamakhala mpata, ndipo ganizo lobisika limakhala pamenepo.

Mwachitsanzo: "Mlatho watsopano wafupikitsa njira yochokera kumudzi kupita kumsika. Choncho chifukwa cha mlathowu, alimi ena azifika msanga kumsika." Umboni ukukamba za njira, pomwe chigamulo chikukamba za alimi. Palibe pamene panenedwa kuti alimiwo azidutsa pamlathopo.

Njira yodalirika yoyesera yankho ndiyo kulikana. Tiyerekeze kuti yankho loyamba likuti alimi ena azidutsa pamlathopo. Tikalikana, ndiye kuti palibe mlimi ndi mmodzi yemwe amene adutsepo, ndipo chigamulo chagwa. Limeneli ndilo yankho lolondola.

Yankho lachiwiri likuti alimi onse azidutsa pamlathopo. Kulikana kwake n'kwakuti si onse amene azidutsapo. Chigamulo chikadali chiimire, pakuti ena angathe kudutsabe. Yankholi likuchirikiza mfundo, koma mfundoyo ingaime popanda ilo.

Msampha wagona pamenepa. Yankho lamphamvu limakopa maso, chonsecho funso likufuna chinthu chokhacho chimene chikasowa mfundo singaime. N'chifukwa chake mawu monga "onse", "nthawi zonse" ndi "okhawo" ayenera kuunikidwa mosamala, ngakhale kuti nthawi zina amakhala olondola ngati chigamulo nachonso chili champhamvu motero.

Pokana, samalani: kukana mawu oti "onse" kumapereka "si onse", osati "palibe". Wolakwitsa apa amagwetsa chigamulo chomwe sichinayenere kugwa, n'kusankha yankho lolakwika.