Nyenyezi ya mchira imagwidwa ndi odekha

Chaka cha 1986 nchovuta kuchiiwala ku Biriwiri m'boma la Ntcheu. Ndi chaka chomwe nkhondo ya ku Mozambique idafika poipa, anthu miyandamiyanda nkuyamba kuoloka msewu wa M1, womwe kumeneko ndiwo malire a maiko awiriwa, mitolo ili pamutu. Ndi chaka chomwechonso nyenyezi ya mchira yotchedwa Halley idatulukira. Paja ambiri timati nyenyezi yotere ndi malodza. Koma mbiri yake ikunena zina.

Kunena zoona, si nyenyezi ayi. Ndi chibuluma cha madzi oundana ndi fumbi, chotalika makilomita pafupifupi 15, chakuda bii ngati khala. Chikayandikira dzuwa chimafuka nthunzi, ndipo nthunzi ndi fumbilo ndiwo mchira timauonawo. Chimazungulira dzuwa nkubwerera pakatha zaka 75 kapena 76, kaya pansi pano pali nkhondo kaya mtendere.

Adatulukira zimenezi ndi Mngerezi Edmond Halley, yemwe m'chaka cha 1705 adalengeza kuti nyenyeziyi idzabweranso cha m'ma 1758. Mwini wakeyo adamwalira mu 1742 asadaione. Nanga adayamba kuiona ndani? Osati akatswiri a m'mizinda ikuluikulu, koma mlimi wina wa ku Germany, Johann Georg Palitzsch, yemwe adaipeza pa Khirisimasi mu 1758 ndi telesikopu yake yapakhomo, ikadali kachizimezime.

Idabweranso mu 1835, ndipo idafika pafupi zedi ndi dzuwa mu Novembala, mwezi womwewo Angoni a Zwangendaba adaoloka Zambezi kuli kadamsana. Mu 1910 idawala mochititsa mantha, mchira utayala thambo. Koma mu 1986 idakhumudwitsa ambiri. Pa 9 Febuluwale, itafika pafupi ndi dzuwa, idali kuseri kwake, ife tili mbali ino. Mu Epulo, pomwe idatiyandikira, idali pa mtunda wa makilomita 63 miliyoni. M'matauni owala magetsi anthu adatopa nkukweza makosi. Oiona bwino adali a kumwera kuno, makamaka okhala kumdima ngati kumapiri a Ntcheu. Komabe idali ngati kadontho ka phala pa nsalu yakuda.

Tisapitenso kutali ku Ulaya. M'zaka zomwe amuna ambiri a kuno ankapita ku Wenela, ku Pretoria kudali mkulu wina wogwira ntchito m'boma, Jack Bennett. Akaweruka, ankakhala kuseri kwa nyumba yake ndi katelesikopu kakang'ono, nkumasesa thambo chigawo ndi chigawo, zaka ndi zaka. Pa 28 Disembala 1969 adaona kautsi kosaoneka ndi maso okha. Pofika Malichi ndi Epulo 1970, kautsi kaja kadasanduka nyenyezi ya mchira yowala mbee mbandakucha, ndipo dziko lonse lidaitcha dzina lake. Mu 1974 adapezanso ina. Akuluakulu sadaname, kuona maso a nkhono nkudekha.

Luso lake silobisika. Umathawa nyali ndi mwezi, nkudikira mphindi 20 kapena 30 kuti maso azolowere mdima. Kanthu kozimirira sukayang'ana tcho, umakayang'ana chammbali pang'ono. Kenaka umajambula pomwe kali pakati pa nyenyezi zinzake. Ukabwerako mawa nkupeza kasuntha, basi wagwira nyama.

Ndiye taonani, abale. Mdima womwe timaudandaula kumudzi ndiwo chuma chomwe osaka nyenyezi a ku London ndi Johannesburg amachisowa. Chosowa kwathu ndi chipangizo choonera ndi munthu woti auze ana kuti kumwambaku kuli kalendala, osati mfiti. Othawa nkhondo aja ambiri adabwerera kwawo pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa 1992. Nayo Halley ibwerera pa nthawi yake, mu 2061. Ana omwe ali kupulayimale ku Biriwiri lero adzakhala ali ndi imvi zoyamba. Adzaithawa kapena adzaidikira?