Agrimony: mankhwala achizungu kapena achikuda?

Wophunzira wina wa zamankhwala anapatsidwa ntchito yolemba m'Chichewa kapepala kofotokoza chitsamba chotchedwa agrimony, ndipo anakodwa pa mzere woyamba penipeni. Alembe kuti ndi mankhwala achizungu, poti chimamera ku Ulaya ndipo eni ake ndi azungu? Kapena achikuda, poti ndi masamba owumitsa amene munthu amanyika m'madzi otentha nkumwa? Funsoli lili ndi mutu, chifukwa likuonetsa mng'alu m'mawu amene timawatchula tsiku ndi tsiku osawaganizira. Tinagawa mankhwala potsatira khungu la mwini wake, ndipo tinazolowera kuti mzungu ndi wa mapiritsi ndi jakisoni, munthu wakuda ndi wa mizu ndi makungwa. Azungu nawo ali ndi zitsamba za makolo awo, ndipo agrimony ndi chimodzi mwa zakalekale.

Chitsambachi chimamera m'mbali mwa misewu ndi m'malire a minda ku Britain, Germany ndi maiko ena a ku Ulaya. Chili m'banja limodzi ndi mapichesi ndi maapozi, ngakhale maonekedwe ake sangakuuzeni zimenezo: kamtengo kowonda kowongoka, timaluwa tachikasu ta masamba asanu titandandalika kumtunda kwake, kenako timbewu ta tingowe tomata pa zovala ndi pa ubweya wa nkhosa. Carl Linnaeus anachilemba m'chaka cha 1753 kuti Agrimonia eupatoria, ndipo dzina lachiwirilo likukumbutsa Mithridates Eupator, mfumu ya ku Pontus yomwe inatchuka ndi zosakaniza mankhwala olimbana ndi poizoni. Dioscorides, sing'anga wachigiriki wa m'zaka 100 zoyambirira pambuyo pa kubadwa kwa Khristu, ankachitamanda pa matenda a chiwindi, ndipo Nicholas Culpeper anachiika m'buku lake la zitsamba la 1653. Kuyankha wophunzira uja nkosavuta tikataya mawu a khunguwo: awa ndi mankhwala azitsamba a makolo a ku Ulaya. Ine ndikanakonda kuti "achikuda" ndi "achizungu" atuluke m'zolemba zonse za umoyo, titsale ndi "azitsamba" ndi "akuchipatala", mawu onena chinthucho osati mtundu wa munthu.

Pa dzina la chitsambacho ndili kumbali ya kubwereka, ndipo sindigwedezeka. Alipo okonda chiyankhulo amene angafune kuti tichipatse dzina lathu, ndipo poona timbewu tomata tija anganene kuti "chisoso cha ku Ulaya". Dzinalo ndi lokoma m'khutu koma ndi loopsa. Chisoso ndi ndiwo, timathyola kuseri kwa nyumba, ndipo chili m'banja lina kotheratu. Womva dzinalo adzaganiza kuti akhoza kusinthanitsa ziwirizi. Angerezi enieniwo anadzitchera msampha wotere: ali ndi chomera china chomwe amachitcha hemp agrimony, Eupatorium cannabinum, chosagwirizana nkomwe ndi agrimony weniweni, ndipo chili ndi michere yowononga chiwindi. Dzina lofanana lingamwetse munthu chinthu cholakwika. Chomera chosamera kwathu tichitchule ndi dzina limene chabwera nalo, ndipo pambali pake pakhale dzina la sayansi. Ndi mmene anagwirira ntchito Jessie Williamson m'buku lake la zomera zothandiza za dziko lino la 1955, ndi Brian Morris mu Chewa Medical Botany mu 1996: dzina la anthu ndi dzina la Chilatini kuyendera limodzi, lina kuteteza linzake.

Koma tikafika pa mmene chitsambachi chimagwirira ntchito m'thupi, ndimatembenukira kwathu. Mabuku a Chingerezi amati agrimony ndi astringent, ndipo omasulira ambiri akafika pa mawuwa amagwa mphwayi. Ena amalemba "owawa", ena "owawasa", ena amatambasula chiganizo chonse cha "mankhwala othandiza kukhwimitsa minofu". Kuwawa ndi kwa nimu ndi kwinini. Kuwawasa ndi kwa mandimu ndi bwemba. Chimene akunena apa ndi khambi. Mwana aliyense amene analumapo nthochi yaiwisi kapena suku losapsa amalidziwa: m'kamwa mumauma, lilime limakhakhala, masaya amachita ngati akukokana mkati, malovu amatha. Tiyi wopanda mkaka akakhalitsa m'ketulo amachitanso chimodzimodzi. Chimene chimabweretsa khambi ndi michere yotchedwa tanini, yomwe imagwira mapuloteni a pakhungu lofewa la m'kamwa ndi m'matumbo nkulikhwimitsa pang'ono, motero madzi otuluka pamenepo amachepa. Ndi michere yomweyi imene ili m'makungwa ofufutira zikopa. Mphunzitsi akanena kuti agrimony ali ndi khambi, ndipo khambilo ndilo limagwira m'mimba ndi kuumitsa kabala kakang'ono, wophunzira wamva sayansi yonseyo ndi lilime lake. Mawu obwereka sangachite zimenezi. Tanini tibwereke, chifukwa makolo sanapatule mcherewo mu labotale. Khambi tisalisiye, chifukwa analidziwa bwino lomwe.

Mawu amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi "kuchiza". Bungwe loona za mankhwala ku Ulaya, European Medicines Agency, limavomereza agrimony pa zinthu zitatu zokha: kuchepetsa kutsegula m'mimba kosaopsa, kuchukucha m'kamwa ndi kukhosi pakakhala tizilonda kapena kutupa pang'ono, ndi kutsukira timabala tapamwamba pa khungu. Za chiwindi zija za Dioscorides mulibemo. Ndipo chilolezocho chili m'gulu limene amalitcha traditional use, lomwe lamulo lawo la 2004 linalimasulira mosapita m'mbali: mankhwalawo akhale atagwiritsidwa ntchito zaka zosachepera 30, mwa izo 15 mkati mwa maiko a European Union, osaonetsa choopsa, ndipo ntchito yake ikhale yomveka. Sizikutanthauza kuti anayesedwa pa odwala ambiri nkupezeka kuti amagwiradi ntchito. Salimbikitsanso kupatsa ana osafika zaka 12 kapena amayi oyembekezera, poti umboni wake ngwosakwana, ndipo m'mimba mukapitirira masiku atatu amati munthu apite kwa dokotala.

Tsono zonsezi zikamalowa m'Chichewa, pa wailesi kapena pa botolo la pamsika, zimasanduka mawu amodzi: "amachiza kutsegula m'mimba". Kusamala konse kuja kwagwera m'njira. Chiyankhulo chathu sichosauka pano ayi. Tili ndi kuchiza, kupoletsa, kuziziritsa, kuchepetsa, kuthandiza, kupewa, ndipo mayi wa kumudzi amasiyanitsa bwinobwino mankhwala ongoziziritsa ululu ndi ochotsa nthenda. Amene amasokoneza ndi olemba ndi otsatsa malonda. M'dziko limene kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700, kulemba "kuchiza" pamene pafunika "kuchepetsa" si nkhani ya galamala. Munthu wotsegula m'mimba kwambiri amafa ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo chomupulumutsa ndi Thanzi ORS ndi kuthamangira kuchipatala, osati tiyi wa khambi, kaya wa ku Ulaya kaya wa kwathu. Traditional use ndingaimasulire kuti "ovomerezedwa potengera kuti akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira kale". Ndi mawu ataliatali, ndikudziwa, koma akunena zoona, ndipo pa botolo la mankhwala kutalika kumaposa kunama.

Apa mpamene nkhani ya chitsamba chimodzi imafika pa ndondomeko ya dziko. Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko mu 1968. Chichewa Board inakhazikitsidwa mu 1972, ndipo mu 1996 ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba, komwe kunachokera Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Koma lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chophunzitsira, ndipo namwino, wazamankhwala ndi dokotala amaphunzira ntchito yawo yonse m'Chingerezi, kenako nkukaigwira pakati pa anthu olankhula Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe ndi Chisena. Aliyense amadzipangira mawu ake pawindo la famase, wodwala ali chiimire. Wina ati "kuchiza", wina ati "kuthandiza", ndipo wodwalayo ndiye amasenza kusiyanako.

Sindikupempha kuti tipeke mawu atsopano mazanamazana m'ofesi. Mawu opekedwa motero kawirikawiri amafera m'mafayilo. Ndikupempha chinthu chaching'ono: akatswiri a chiyankhulo a ku Zomba, a National Herbarium omwe ali mumzinda womwewo, a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndi asing'anga azitsamba amene amadziwa kusiyana kwa kunyika, kuwiritsa ndi kufukiza, akhale pamodzi agwirizane mawu ochepa oyenera kulembedwa pa botolo lililonse la mankhwala azitsamba. Ayambe ndi lamulo loti "kuchiza" asalembedwe pokhapokha pali umboni wa kuchipatala, ndi loti chenjezo la ana ndi amayi oyembekezera lizilembedwa m'chiyankhulo cha wogula, m'zilembo zazikulu mofanana ndi dzina la mankhwalawo.