Phala la m'sukulu

Phala la m'sukulu ndi chakudya chimene ana a m'sukulu zina za pulayimale m'Malawi amalandira m'mawa kuti asaphunzire m'mimba muli pululu. Boma litayambitsa maphunziro aulere mu 1994, ana anadzaza makalasi, koma njala ikafika mu Januwale ndi Febuluwale ambiri ankajomba. Bungwe la WFP linayamba kupereka phala ku Dedza mu 1999, ndipo la Mary's Meals linayamba ntchito yake mu 2002.

Kawirikawiri phalali limakhala Likuni Phala, ufa wa chimanga ndi soya wothiramo mavitamini. Amayi odzipereka amalawirira mbandakucha kukasonkha moto pansi pa miphika ikuluikulu, ndipo mwana aliyense amaima pamzere atagwira kapu yake.

Masiku ano boma likulimbikitsa njira ina: sukulu imalandira ndalama n'kugula chimanga, nyemba, mtedza ndi ndiwo zamasamba kwa alimi a m'makopaletivi a m'dera lomwelo. Njirayi ndi yabwino chifukwa mlimi amapeza msika pafupi, ngakhale imavuta chaka cha chilala mitengo ikakwera. Chodandaulitsa n'chakuti ndalama zambiri zimachokerabe kwa abwenzi akunja, ndipo sukulu zochuluka phalali silinafikeko.