Kamera ya pafoni: mbiri yake, kagwiridwe ka ntchito ndi zoyenera kusamala

Kamera ya pafoni ya m'manja yasintha katoledwe ka zithunzi. Paukwati, pachinkhoswe ngakhale pamaliro, ntchito imene kale inali ya akatswiri oyenda ndi kamera ya filimu m'khosi lero ikugwiridwa ndi aliyense amene ali ndi foni m'thumba.

Chiyambi chake

Pa 11 June 1997, Philippe Kahn, katswiri wa makompyuta ku California m'dziko la America, adalumikiza kamera ku foni n'kutumizira abale ndi abwenzi chithunzi cha mwana wake wakhanda. Mafoni ogulitsidwa ali ndi kamera adayambira ku Japan: Kyocera VP-210 mu 1999 ndi Sharp J-SH04 mu 2000, yomwe chithunzi chake chinkakhala ndi timadontho 110,000 tokha. iPhone yoyamba ya 2007 idali ndi mamegapikiselo 2, pomwe Samsung Galaxy S23 Ultra ya 2023 ili ndi 200.

Momwe imagwirira ntchito

Kuwala kumalowera pa kagalasi ka kamera n'kukagwera pa sensa, kachipangizo kopyapyala kokhala ndi timaso tambirimbiri tosandutsa kuwalako kukhala mphamvu ya magetsi. Megapikiselo imodzi ndi timadontho 1 miliyoni. Sensa ya mtundu wa CMOS imene ili m'mafoni a masiku ano idachokera ku ntchito ya Eric Fossum ndi anzake ku bungwe la NASA m'zaka za m'ma 1990.

Kuchuluka kwa mamegapikiselo pakokha sikukongoletsa chithunzi. Sensa ya foni ndi yaing'ono, choncho timaso tikapanikizana kalikonse kamalandira kuwala kochepa. N'chifukwa chake foni ya mamegapikiselo 50 nthawi zambiri imaphatikiza timaso tinayi kukhala kamodzi, n'kutulutsa chithunzi cha mamegapikiselo 12.5. Usiku, foni imatola zithunzi zingapo motsatizana n'kuzilumikiza kukhala chimodzi. Dzanja likagwedezeka panthawiyo, chithunzi chimatuluka cha mbuu.

Khungu lakuda nalo lidavutitsa makamera kwa nthawi yaitali, chifukwa nkhope zinkamira mumdima. Kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, China, yomwe imapanga Tecno, Itel ndi Infinix, mafoni ofala m'misika ya ku Lilongwe ndi Blantyre, idakonza makamera ake kuti azionetsa bwino khungu la anthu a mu Africa. Google idachitanso chimodzimodzi pa Pixel 6 mu 2021.

Kutola chithunzi chabwino

Kagalasi kazipukutidwa ndi kansalu kofewa, pakuti thukuta ndi fumbi la m'thumba zimaphimba chithunzi ngati chifunga. Kuwala kuzigwera pankhope ya wojambulidwa, osati kuchokera kumbuyo kwake. Dzuwa la m'mawa ndi la kumadzulo ndi lofewa, pomwe la paliwombo limasiya mithunzi m'maso. Kukhudza nkhope pasikirini kumauza kamera poyenera kulunjika. Pa mafoni opanda kagalasi kapadera koonera patali, kukoka chinthu ndi zala kumangodula chithunzi n'kuchitambasula. Kuli bwino kusendera pafupi.

Kusunga ndi kutumiza

Foni ikabedwa kapena kufa, zithunzi zosasungidwa kwina zimapita nayo. Makope aziikidwa pa kompyuta, pa memori khadi kapena pa intaneti monga pa Google Photos. WhatsApp imafinya zithunzi kuti zisadye bandulo, motero chithunzi chofunika kuchapitsa chizitumizidwa ngati dokyumenti. Komanso GPS ikakhala yoyatsa, chithunzi chimatha kusunga malo enieni amene chidajambulidwira, ndipo wochilandira mwa njira imeneyi angadziwe pakhomo pa mwini wake.

Ulemu ndi malamulo

Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kuzunza anthu kudzera pa intaneti ndiponso zithunzi zolaula za ana. Kujambula ovulala pangozi, odwala kapena maliro n'kumwaza pa Facebook kumachititsa mabanja kumva uthenga wa imfa kwa anthu achilendo, adzukulu asanafike. Wojambula ayenera kupempha kaye chilolezo, ndipo ngati wojambulidwa ndi mwana, afunsidwe makolo ake, chifukwa chithunzi chikangotuluka m'foni sichibwezeka.