Nkhope za m'chitini

Mnzanga wina wa ku Kasungu adatola chitini chozungulira ngati chiwaya m'nyumba yosungira katundu pa esiteti ina yakale, pakati pa ziguduli zomangira mabelo. Titachitsegula, fungo la viniga lidatiwomba m'mphuno. Filimu ikayamba kununkha chonchi ndiye kuti ikuwola: kutentha ndi chinyezi zimaidya mpaka kukwinyika, mapeto ake n'kuthetheka.

Kodi zinthu zimenezi zidafika bwanji kuno? Kampani ya Kodak idatulutsa filimu ya 8mm mu 1932, ya Super 8 mu 1965, kuti anthu azijambula za pabanja pawo. Kamkombero kamodzi kankatha pa mphindi zitatu ndi pang'ono, kawirikawiri kopanda mawu. Koma kamera ankagwira ndani? Eni maesiteti, amishoni ndi mabwana a m'boma. Tenanti ankangokodwamo mwangozi.

Boma nalo linkajambula zake. Central African Film Unit, yomwe idayamba mu 1948 ku Salisbury, inkakonza akanema ophunzitsa Mwafirika kalimidwe. Ufulu utabwera mu 1964, galimoto za kanema zinkayendabe m'midzi, koma tsopano nkhope inali ya Ngwazi, mwana wa konkuno ku Kasungu, ikuyendera mbewu uku mbumba zikuvina. Wailesi ya kanema yathuyathu idadikira mpaka 1999. Nanga munthu wamba akadadzionera pati?

Masiku ano alipo makina ojambula tizithunzi ta pa filimu kamodzikamodzi n'kutisunga m'kompyuta. Mnzangayo adasonkha tindalama natumiza chitini chija ku Joni. Zitabwera, tidaunjikana pa foni pansi pa mtengo wa mango. Bwana ndi agalu ake, galimoto, ana achizungu pa njinga. Kenaka kamera n'kuphonya: mayi akusoka fodya m'chigafa, khanda kumsana, acheuka, aseka. Basi, mdima.

"Tabwezani pomwepo, mwanawe!" adakuwa agogo ena omwe adakalambira pa esitetipo. "Iii, abale, awa ndi apongozi anga!" Adatchula dzina, mfunda ndi mudzi womwe adachokera ku Mulanje. Chaka chatha agogowo tidawaika m'manda.

Apa ndiye pagona nkhani, awerengi. Kompyuta imapulumutsa nkhope, koma dzina lili m'mutu mwa nkhalamba, ndipo zonse ziwiri zikutha. Amene muli ndi chitini chotere, musachisiye padzuwa kapena ponyowa, musachikakamize pa makina akale, angachidule. Chisamutseni agogo akadali moyo. Paja fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.