Mawu aulemu a Chingerezi ndi ulemu wa Angoni a ku Mzimba

Pa mwambo uliwonse waukulu kumwera kwa boma la Mzimba, kaya ndi pa boma penipeni, ku Embangweni kapena m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Luwawa, wotsogolera mwambo amayamba ndi kutchula akuluakulu amene afika. Mndandanda wake umasakaniza Chingerezi, Chitumbuka ndi mawu otsalira a Chingoni, ndipo kuphonya dzina limodzi laulemu kumatha kukhumudwitsa mlendo ndi anthu onse amene abwera naye. Chinsinsi chake chagona pa kusiyana uku: mayina aulemu a Chingerezi amalemekeza mpando umene munthu wakhalapo, pamene a Chingoni amalemekeza mtundu umene munthu anabadwiramo.

Mayina a maudindo

His Excellency ndi ulemu wa mtsogoleri wa dziko komanso akazembe. Akakhala mayi amati Her Excellency, monga zinalili ndi Joyce Banda kuyambira 2012 mpaka 2014. Polankhula naye maso ndi maso amati Your Excellency.

Right Honourable amapatsidwa kwa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko ndi sipikala wa Nyumba ya Malamulo. Honourable, amene pa Chichewa timati Olemekezeka, ndi wa nduna za boma ndi aphungu. Kwenikweni ulemuwu umayendera limodzi ndi udindo, ngakhale kuti anthu ambiri amapitirizabe kuitana motero phungu amene anagwa pa chisankho.

His Worship kapena Her Worship ndi wa meya, monga wa mzinda wa Mzuzu. M'bwalo la milandu, majisitireti amamuti Your Worship, pamene woweruza wa khoti lalikulu amamuti My Lord kapena My Lady.

Mipingo nayo ili ndi makwerero ake. Reverend ndi mbusa kapena wansembe, Right Reverend ndi bishopu, Most Reverend ndi bishopu wamkulu. Mawu amenewa akhala akumveka m'derali kwa zaka zoposa 100, chifukwa mishoni ya Loudon ku Embangweni, imene ili pansi pa sinodi ya Livingstonia, inakhazikitsidwa mu 1902 ndi m'mishonale Donald Fraser.

Mawu otamandira

Chingerezi chili ndi mawu angapo amene Chichewa chimangowamanga mtolo umodzi wa kuyamikira. Praise ndi kutamanda kwa mtundu uliwonse, kwa munthu kapena kwa Mulungu. Commend ndi kuyamikira ntchito inayake, kawirikawiri wamkulu kuyamikira wamng'ono. N'chifukwa chake sizikoma kuti mwana wasukulu anene kuti I commend you kwa mfumu. Honour ndi kulemekeza mooneka, monga kupereka mendulo kapena kutchula msewu dzina la munthu. Acclaim ndi chitamando chochokera ku khamu la anthu. Hail ndi laud amapezeka kwambiri m'mitu ya nkhani za m'nyuzipepala chifukwa ndi afupi.

Mawu awiri amafuna kusamala. Eulogy ndi mawu otamanda munthu amene watisiya, ndipo amalankhulidwa pa maliro. Kwa wamoyo ndi bwino kunena tribute, amene amagwira ntchito mbali zonse. Flatter si kutamanda ayi, koma kusyasyalika munthu pofuna kupezapo kenakake.

Ulemu wa Chingoni

Angoni anawoloka mtsinje wa Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, ndipo a ku Mzimba analowa pansi pa ulamuliro wa Angerezi mu 1904. Malamulo a boma amatchula mafumu kuti Paramount Chief, Senior Chief ndi Traditional Authority, koma ku Mzimba mayina amene amamveka pakamwa pa anthu ndi achikhalidwe. Mfumu ya mafumu ndi Inkosi ya Makosi M'mbelwa, ya fuko la Jere, imene likulu lake lili ku Edingeni. Mafumu a pansi pake amatchedwa Inkosi, monga Inkosi Mabilabo, Inkosi Mzikubola, Inkosi Khosolo ndi Inkosi Mzukuzuku.

Mfumu yaikulu amailonjera ndi mfuu yakuti Bayete, imene siperekedwa kwa munthu wamba ngakhale atalemera motani. Palinso zithokozo, ndakatulo zotamanda zimene zimatchula makolo a mfumu ndi ntchito zawo. Zithokozo zimamveka bwino pa mwambo wa Umthetho, umene umachitika m'munsi mwa phiri la Hora m'mwezi wa Ogasiti, pamodzi ndi gule wa ingoma.

Ulemu umenewu suthera kwa mafumu okha. Munthu wamba akachita zabwino amamuthokoza potchula chiwongo chake pambuyo pa mawu akuti yewo, ndipo mayi amaitanidwa ndi chiwongo cha kwawo chotsogozedwa ndi Nya, monga NyaJere. Motero mlimi wa ku Luwawa amene sanakhalepo pa mpando uliwonse ali ndi dzina lake laulemu limene chisankho sichingamulande.

Pamene miyambo iwiriyi ikumana

Andale akhala akulumikiza mbali ziwirizi. Kamuzu Banda, amene anakhala mtsogoleri wamuyaya mu 1971, ankatchulidwa kuti His Excellency the Life President Ngwazi Dr H. Kamuzu Banda. Pa dzina limodzi panali ulemu wa mpando, wa maphunziro ndi wa ngwazi yopambana pa nkhondo. Patapita zaka, Bingu wa Mutharika nayenso anadziwika ndi dzina la Ngwazi.

Kwa wotsogolera mwambo, malangizo ndi achidule. Afunsiretu dzina lolondola la mlendo aliyense mwambo usanayambe. Asaike Honourable patsogolo pa Inkosi, chifukwa ufumu uli ndi ulemu wake wokwanira. Ndipo ngati wasokonezeka pa makwerero a Chingerezi, atchule chiwongo cha mlendoyo mwaulemu, pakuti ku Mzimba munthu sakwiya pomva dzina la makolo ake.