Nyimbo ya Maliro Idasanduka Pemphero

M'chaka cha 1938, pa wailesi ya NBC ku New York, Arturo Toscanini adatsogolera oimba mazeze poimba Adagio for Strings, nyimbo yopanda mawu ya Samuel Barber. Pa imfa ya Pulezidenti Roosevelt mu 1945, ndiponso ya Kennedy mu 1963, Amereka adalira nayo maliro. Mu 1967 Barber adaiveka mawu a Agnus Dei, pemphero la pa Misa, kuti kwaya iziyimba.

Tikamvera zimbale zake, kusiyana kumveka: mazeze angobuula, koma anthu apempha chifundo. Ife a ku Khombedza, amene timachezera kuimba pasiwa mpaka mbandakucha, tisankha chimbale cha kwaya, pakuti woferedwa asowa womulirira, asowanso womupempherera.